Ndikuchitira nsanje mwana wanga

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 41 ndipo ndimakhala m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Mwana wanga woyamba, mtsikana wa Fomu 2, ali m'kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo. Aphunzitsi amawatengera kunkhalango kukajambula nchima, mbalame ndi agulugufe pafoni, kenako amalumikiza n'kukhala kanema. Pano akuti apite ku Nkhotakota akajambule njovu.

Ine ndamukaniza, ndati ndalama palibe. Koma zoona zake ndalama ya soya ilipo. Vuto ndi mtima wangawu. Ndinakulira kubusa, kudyetsa ng'ombe za amalume ku Dowa, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Zam'tchire ndikuzidziwa kuposa aphunzitsiwo, koma palibe anandigwiritsako kamera. Anthu akamamuombera m'manja mwanayu, ine mtima kuwawa. Mayi ake atha masiku atatu osandiyankhula. Kodi ndine bambo woipa?

BK, Ntchisi.

Zikomo a BK,

Woipa sakanalemba kalata ngati iyi. Koma chomwe mwachitachi ndiye choipa, ndipo musachedwe kuchikonza. Mwanayo sanakulandeni kanthu. Amene akulira mumtima mwanumo ndi kamnyamata kakubusa kaja, ndiye musalipiritse mwana wanu ngongole ya amalume anu.

Mwayiwu si wamasewera. Makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri amathandizidwa ndi bungwe la WESM, lomwe linayamba kale mu 1947. Ku Nkhotakota nako zinthu zinasintha: bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Malo otere amafuna alonda a nyama, operekeza alendo komanso odziwa kujambula. Nanga ntchitozi azigwira ana a eni okhaokha, wanu ali pakhomo? Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Chinanso, musadzipeputse. Kamera payokha siidziwa komwe nchima zimadya m'mamawa. Wojambula nyama amafunika kudziwa mapazi ake, kulira kwa mbalame iliyonse, kuyenda mosaswa tsamba, kukhala kumene mphepo siipereka fungo lake kwa nyama, ndiponso kudikira osatopa. Zonsezi inu munaziphunzira ndi legeni m'manja. Mwana ali ndi foni, inu muli ndi maso ndi makutu. Loweruka likubwerali lawirirani naye kunkhalango, mumuuze mayina a mbalame ndi mitengo m'Chichewa, iye akuphunzitseni kugwira foniyo. Legeni ndi misampha zokha musiye kunyumba.

Za ulendowo, pitani nokha kusukulu mukafunse monga kholo. Akupita ndi aphunzitsi angati? Alipo wamayi woyang'anira atsikana? Akagona kuti, abwera liti? Mumulangize mwanayo kuti azikamvera alonda a nyama, asakayandikire njovu pofuna chithunzi chabwino, makamaka yomwe ili ndi mwana. Mugwirizanenso kuti makanemawa asasokoneze maphunziro, poti mayeso a JCE ali pakhomo.

Koma choyamba, usiku uno khalani pansi ndi mayi akunyumba. Muwauze zomwe mwandiuza inezi, mupepese pa bodza la ndalama lija. Mwanayo mumuuze ndinu nomwe kuti apita. Akadzabwera, mukhale woyamba kuonera njovuzo.

Azakhali