Nkhokwe Ndi Imodzi, Koma Kiyi Akhale wa Aliyense

M'maofesi ambiri masiku ano mabuku akuluakulu a kaundula akulowedwa m'malo ndi nkhokwe ya m'kompyuta. Kompyuta imodzi yaikulu, yomwe amati seva, imasunga zonse, ndipo makompyuta ena amalumikizidwa kwa iyo pa netiweki. Mlembi, namwino ndi wopereka mankhwala angathe kuona mbiri ya wodwala mmodzi nthawi yomweyo, aliyense ali pa mpando wake. Njirayi ndi yabwino, ndipo ndikufuna itafika m'zipatala zonse za kwathu kwa Kachindamoto, kuyambira ku Golomoti, Mua mpaka ku Mtakataka. Koma walira mvula walira matope. Maganizo anga ndi akuti nkhokwe yogwiritsa ntchito anthu ambiri imakhala yodalirika pokhapokha aliyense akamalowamo ndi dzina lake ndi pasiwedi yake.

Ubwino wake tinauona kale. Mu 2001 ntchito ya Baobab inayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake njirayi inafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Wodwala amamatiridwa kapepala ka nambala pa kabuku kake ka kuchipatala, ndipo akabweranso mbiri yake imatuluka msanga. Mayi wochokera m'mphepete mwa nyanja, amene wapalasa njinga m'mawa wonse, sayenera kubwezedwa chifukwa faelo yake yasowa.

Kuipa kwake tinakuonanso. Mu 2013 dziko linadzidzimuka ndi nkhani ya Cashgate. Ndalama za boma zinkayendetsedwa kudzera mu nkhokwe ya IFMIS, yomwe maunduna ankagwiritsa ntchito limodzi. Anthu ena ankalipira makampani omwe sanagwire ntchito ina iliyonse, kenako n'kufufuta malipirowo m'kompyuta. Kampani yofufuza za chuma ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho, ndipo maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti. Kompyuta sinabe kanthu. Anaba ndi anthu omwe anali ndi mphamvu zolemba ndi zofufuta zomwe, popanda wowaona.

Pa chifukwa ichi, nkhokwe yabwino imagawa mphamvu. Mlembi alembetse odwala koma asasinthe zotsatira za magazi. Wopereka mankhwala achotsere mankhwala omwe wapereka koma asafufute zomwe dokotala walemba. Anthu awiri akatsegula mbiri imodzi, nkhokweyo iletse wachiwiri kusintha mpaka woyamba atamaliza, kuopa kuti wina angafafanize ntchito ya mnzake. Koposa zonse, chilichonse chosinthidwa chisiye phazi: anasintha ndani, liti, ndipo poyamba panalembedwa chiyani.

Zonsezi zimagwa tsiku lomwe pasiwedi yalembedwa pa kapepala n'kumatidwa pa khoma. Apa vuto ndi la chikhalidwe chathu. Timaleredwa kuti wamkulu sakanizidwa. Bwana akati, "Tandipatsa pasiwedi yakoyo, yanga ndaiwala," mlembi wachinyamata amangoti, "Nayi, bwana." Mawa mankhwala akasowa, dzina lotuluka m'kompyuta ndi la mlembiyo. Mbiri ya munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ikamveka pa msika wa Golomoti, sipadziwika amene anaitsegula.

Ena amati kubwerekana pasiwedi kumafulumizitsa ntchito, makamaka kumudzi komwe antchito ndi ochepa ndipo mzere wa odwala ndi wautali. Mfundoyi ndi yomveka. Koma yankho lake ndi kulembetsa msanga wantchito aliyense watsopano, kutseka dzina la amene wasamutsidwa, ndi kukhala ndi munthu pa boma ku Dedza wothandiza mwachangu oiwala pasiwedi. Kodi alipo amene amapereka nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba kwa bwana wake chifukwa cha ulemu? Ngati timatchinjiriza chomwecho K5,000 yathu, mbiri ya wodwala ndi ndalama za msonkho siziyenera kuchepera pamenepo.

Choncho akuluakulu a m'maofesi ndi amene ayenera kuyamba. Aike lamulo loti kupempha pasiwedi ya mnzako ndi mlandu, kuti mlembi akakana asaoneke wamwano. Chitsime cha mudzi timatunga tonse, koma wogwetseramo chinyalala ayenera kudziwika.