Kodi mwana wanu akucheza ndi yani pa foniyo?

Sabata ino tikambirane za masewera a pa intaneti, amene achinyamata amati magemu, omwe munthu amasewera ndi anzake ali kutali. Makolo ambiri amangodandaula za ndalama ndi batire. Koma nkhani yaikulu nayi: wopanga gemu ndiye amakonzeratu mmene osewera azilankhulirana, ndipo macheza onse amatsatira pomwepo.

Tiyambe ndi World of Warcraft, gemu ya pa kompyuta imene inatuluka mu 2004. Kuti mukalimbane ndi zilombo m'phanga, pankafunika anthu 5. Munthu ankaima mu mzinda wa m'gemumo n'kumalemba mawu oitana anzake, mwina kwa nthawi yaitali. Podikirapo anthu ankadziwana maina, ndipo wamwano mbiri yake inkafala, osamuitananso. Mu 2009 eni ake anaika njira yokusankhirani anzanu msangamsanga, anthu osawadziwa. Ntchito inapepuka, koma osewera ambiri anadandaula kuti ngakhale moni weniweniyu anasowa. Paja mlendo ndi mame. Munthu amene simudzamuonanso, ndi angati amavutika kumulemekeza?

Opanga gemu ya Journey, ya mu 2012, anatenga njira ina. Anthu awiri osadziwana amakumana m'chipululu. Palibe kulemberana, palibe kulankhula, koma kakulira kamodzi kokha ngati kabelu. Dzina la mnzanuyo mumaliona ulendo utatha. Poti pakamwa potukwanira palibe, chotsala ndi kudikirana ndi kusonyezana njira.

Tsono tifike pa Free Fire, ya mu 2017, imene imaseweredwa pa foni. Anthu okwana 50 amatsikira pa chilumba, kawirikawiri m'magulu a anthu 4, ndipo a gulu limodzi amamvana mawu ngati pa lamya. Ngati anayiwo ndi a sukulu imodzi, zimakoma: amachenjezana, amapulumutsana, amaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga. Koma gulu likapereweza, gemu ikhoza kudzazamo alendo. Apo mwana wa zaka 11 angathe kumva zotukwana za munthu wamkulu, kapena kupemphedwa nambala ya foni ndi chithunzi.

Pa bawo pansi pa mtengo, kholo limaona ndi maso amene wakhala ndi mwana wake. Pa foni siliona, choncho liyenera kufunsa. Musalande foniyo mwaukali, chifukwa mwana adzangokasewerera kwa mnzake mobisa. Khalani naye pa mphasa, akuonetseni. Mufunseni kuti anzake a m'gulumo ndi ndani, ndipo ndi angati amene anawaonapo ndi maso. Akusonyezeninso pamene amatsekera mawu a munthu wamwano, pakuti malo ake alipo. Mupangane kuti nambala, chithunzi ndi dzina la mudzi sizipatsidwa kwa mlendo.