Mawu obwereka ndi mboni za kumene tinayenda

Pali chizolowezi pakati pa ena okonda chinenero chomanyansidwa ndi mawu obwereka, ngati kuti ndi zitosi zogwera mu ufa. Ine sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga uli kwa Katuli, kumalire a Mangochi ndi Mozambique. Kumeneko mwana akamatchula mzikiti, shehe, swala kapena mwalimu, akutchula njira imene amalonda a Chiyao ankayenda ndi minyanga kupita ku Kilwa, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi Chisilamu, chimene mafumu ngati Makanjila anachilandira cha m'ma 1870. Mawuwa ndi a Chiarabu, koma anatipeza atadutsa m'kamwa mwa Aswahili. Nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo zinabwera ndi Apwitikizi. Makolo amene sanasiye mabuku anasiya mawu, ndipo mawuwo akutiuza amene ankagulana nawo malonda.

Ku Ulaya anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1869 katswiri wa ku Denmark, Vilhelm Thomsen, anasonyeza kuti Chifinishi ndi zinenero za mtundu wake zinabwereka mawu ambiri kwa makolo a Ajeremani ndi Aswidi. Afinishi amati kuningas kutanthauza mfumu, ndipo akatswiri amanena kuti eni mawuwo ankati kuningaz asanayambe kulemba mabuku. Eniakewo anawafupikitsa, Ajeremani n'kumati König, Angerezi king, pamene obwereka anawasunga pafupifupi mmene analili. Wofufuza chinenero cha makolo a Ajeremani lero amakagogoda kwa Afinishi.

Wina anena kuti kubwereka kumapha chinenero. Chifinishi chabwereka kwa zaka zoposa 2,000 koma chili moyo, ndi chinenero cha boma ndi cha m'mayunivesite. Chimene chinapweteka Chiyao si mawu a Chiarabu ayi, koma kutsekeredwa kunja kwa kalasi ndi wailesi pamene Chichewa chinakwezedwa mu 1968, mpaka MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chiyao mu 1996. Chitsutso chomveka n'chakuti mawu ofanana si onse obwereka. Chiswahili, Chiyao ndi Chichewa ndi zinenero za kholo limodzi, choncho moto, nyama ndi mvula palibe anabwereka kwa mnzake. Kusiyanitsa cholowa ndi chobwereka kumafuna kuyerekeza kamvekedwe ka mawu mosamala monga anachitira Thomsen, ndipo ntchitoyo iyambe ndi kujambula agogo a kwa Katuli akadali ndi moyo.