Bandulo Yofa Usiku: Malonda Amene Pamsika Sitingawalole

Pamsika wa ku Jenda, munthu akagula ndowa ya chimanga, chimangacho ndi chake. Akafuna akachigayitsa tsiku lomwelo, akafuna achisunga mpaka mvula itagwa. Wogulitsa atati afike pakhomo pakati pa usiku n'kunena kuti chotsala m'ndowamo chabwerera kwa iye popeza tsiku latha, mudzi wonse ungadzuke, ndipo mlanduwo ungakathere pabwalo la mfumu. Kwanu kunyanjako n'chimodzimodzi: palibe msodzi wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota amene angagulitse usipa n'kubwera m'mawa kudzatenga umene sunalowe mumphika. Koma malonda otere timachita nawo tsiku ndi tsiku pa lamya zathu za m'manja, ndipo tawazolowera mpaka tinaleka kuona kuipa kwake. Tikunena za bandulo ya intaneti imene imafa nthawi yake ikakwana, kaya mwini wake waigwiritsa ntchito kaya ayi.

Ife tikulemba tili ku Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 900,000. Abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, musaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Inu ndi ife tili ndi msewu umodzi, wopita ku Joni. Kuyambira masiku a Wenela ndi TEBA, amuna a ku Mzimba akhala akutsikira ku South Africa, ndipo ngakhale TEBA inaleka kulemba Amalawi mu 1988, ulendowo sunathe. Lero m'midzi ya ku Embangweni, Edingeni ndi Mabulabo muli nyumba zambiri za malata zomangidwa ndi ndalama za ku Johannesburg ndi Durban, monga zililinso ku Namwera ndi ku Katuli. M'nyumba zimenezi lamya ndiyo imagwirizanitsa banja. Uthenga woti ndalama zatumizidwa kudzera ku Mukuru umabwera pa lamya. Mayi amaonetsa mwamuna wake nkhope ya mwana wobadwa iye atachoka kudzera pa WhatsApp. Maliro amalengezedwa pomwepo, ndipo za mtembo wochokera ku Joni zimakambidwa pomwepo.

Tsono taganizirani mmene bandulo ya tsiku limodzi imathera kwa mayi wa kumudzi kummwera kwa Mzimba. Dziko la kuno ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo midzi ndi yotalikirana. M'mphepete mwa msewu wa M1 ndi pa Boma netiweki imagwira bwino, koma munthu akangolowa mkati, kulowera ku Khosolo kapena kumalire ndi Zambia, amayamba kuisaka pachulu, pamtunda, kapena pabwalo la sukulu. Magetsi akazima nthawi yaitali, netiweki nayonso nthawi zina imazima. Lamyayo imafunikanso moto, ndipo kwa amene alibe sola kuitchaja ndi ulendo wa ku malo a malonda, ndi ndalama yake. Pamene zonsezi zikuchitika, wotchi ya bandulo siiima. Mayiyu analipira maola 24, koma amene akanatha kugwiritsa ntchito mwina ndi awiri, ndipo zotsalazo zimapita osabwezedwa ngakhale tambala. Kampani yalandira mtengo wonse wa katundu amene yapereka theka lake, ndipo kulephera kupereka kunali kwa kampaniyo.

Chopweteka china n'chakuti msampha umenewu umakola wosauka. Wa malipiro a pamwezi mumzinda amagula bandulo yaikulu ya mwezi wonse, ndipo netiweki amakhala nayo usana ndi usiku, kotero sataya kanthu. Wogulitsa tomato kapena wolima fodya amene akudikira kuti msika utsegulidwe amakwanitsa kabandulo kakang'ono ka tsiku limodzi, kamene kamafa msanga. Mayunitsi akamuthera pa nthawi ya matenda amakongola ku kampani yomweyo, ndipo pobweza amadulidwa ndalama yoposa imene anapatsidwa. Ife amene tinaphunzitsidwa kuopa katapira, ngakhale wochepa chotani, tiyenera kufunsa dzina la ndalama yapamwambayo.

Wina anganene kuti wosakondwa apite kwina. Apite kuti? Msika wa lamya za m'manja m'dziko muno uli m'manja mwa makampani awiri. TNM inayamba mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Makampani ena monga G-Mobile ndi Celcom anapatsidwa ziphaso koma anthu sanaone ntchito yawo. Starlink, imene inafika mu 2023, imafuna zipangizo za mtengo woti banja la kumudzi silingaulote. Pamudzi pamene pamagwira netiweki imodzi yokha, ngakhale awiriwo sapikisana. Pamene wogula alibe kothawira, lamulo ndilo liyenera kumuteteza.

Makampani ali ndi zifukwa zawo, ndipo tazimva. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, kotero intaneti imafika podzera m'zingwe zodutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique, zimene amalipira ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Nsanja za netiweki zimadya dizilo, ndipo akuba amaba mabatire ake. Zonsezi ndi zoona, ndipo zikufotokoza chifukwa chake data ili yokwera mtengo. Koma sizikufotokoza chifukwa chake data yolipiridwa kale iyenera kulandidwa. Wa golosale shuga akamukwerera amakweza mtengo wa paketi. Sabwera kudzatapa m'paketi imene wagulitsa. Atiuzanso kuti nthawi yoikika imawathandiza kudziwa kuchuluka kwa anthu odzagwiritsa ntchito netiweki. Ngati zili choncho, alole kuti zotsala zisamukire m'bandulo yotsatira, monga amachitira anzawo kwina.

Ku South Africa kumene kuli ana athu, bungwe la ICASA linakhazikitsa malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, okakamiza makampani kupereka njira yosamutsira data yotsala ku nyengo yotsatira ndiponso yopatsira munthu wina. Chaka chomwecho ku Kenya kampani ya Safaricom inayamba kugulitsa mabandulo opanda tsiku lothera. Makampani a kumeneko sanatseke zitseko. Mnyamata wa ku Embangweni amene akugwira ntchito m'munda wa maluwa ku Johannesburg ali ndi chitetezo chimene mayi ake kumudzi akuyeneranso kukhala nacho.

Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa makampani. Mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pa lamya, pamwamba pa msonkho wa VAT. Msonkhowu umadulidwa pogula, kotero boma limadya nawo ngakhale pa data imene yafa osagwiritsidwa ntchito. Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016 linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund, pansi pa bungwe la MACRA, kuti lamya ndi intaneti zifike kumadera kumene makampani saonako phindu. Zigwa za kummwera kwa Mzimba ndi midzi ya kuseri kwa mapiri a ku Mangochi ndiwo madera amene thumbalo linapangidwira.

Zimene tikupempha ndi zitatu. MACRA ilamule kuti data yotsala pa bandulo iliyonse, ngakhale yaing'onoting'ono, isamukire m'bandulo imene munthu agule pambuyo pake. Netiweki ikazima m'dera kwa maola, makampani awonjezere nthawi ya mabandulo a anthu a m'deralo popanda kuwapempha, pakuti makina awo amadziwa nsanja imene yazima ndi nthawi imene yazimira. Ndipo chaka chilichonse MACRA ilengeze, boma ndi boma, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndalama zimene zalowa m'thumba lija ndi malo amene zamanga nsanja.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa lamya. Anthu atadandaula mokweza, linabweza ganizolo. Mu 2020, anthu atafuula kuti data itsike, makampani anatsitsa mitengo ina. Phungu wa dera lanu akabwera pa msonkhano wa chitukuko, pamodzi ndi za mjigo ndi mlatho mufunseni za bandulo ndi za thumba la MACRA. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi magulu a amayi a banki m'khonde alembe makalata a madandaulo ku MACRA ndi ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, otchula mudzi, tsiku ndi maola amene netiweki inazima. Kalata imodzi ya ku Khosolo ikhoza kuiwalika m'kabati, koma ikakumana ndi ya ku Makanjira ndi ya ku Dwangwa pa tebulo limodzi, adzayenera kuyankha.