Kamtengo ka mumphika: mkungudza ndi mlendo, kachere ndi mwinimudzi

Adzukulu anga, masiku ano m'nyumba zambiri za ku Lilongwe ndi ku Johannesburg mwalowa timitengo ta mumphika tosayoyola masamba, makamaka nyengo ya Khirisimasi ikayandikira. Sindikudana nazo. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri mumasankha mkungudza, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale kamtengo kaja kamakhala katafiira.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mkungudza pabalaza ndi mlendo, sayenera kukhalitsa. Wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, kwawo ndi pamwamba pa phiri, m'nkhungu ndi m'mphepo yozizira. Winawu umene timatchingira mipanda ku Dowa ndi ku Ntchisi, makolo ake ndi a kumapiri a ku Mexico. Yonse iwiri imafuna dzuwa lambiri ndi mphepo yoyenda. Mukaitsekera m'chipinda cha makatani, pafupi ndi mbaula, imafa pang'onopang'ono, ndipo imfa yake ndi yachinyengo: mizu imaola kaye, timasamba n'kukhalabe tobiriwira kwa masabata angapo. Mwini ataona kuti tayamba kufiira amathamangira madzi, osadziwa kuti madziwo ndiwo anapha. Ikafooka chonchi, nsabwe zija zinaoneka koyamba m'dziko muno mu 1986, n'kuumitsa mipanda yambiri, zimangomalizitsa. Choncho mkungudza wanu ucheze m'nyumba sabata imodzi kapena awiri, ubwerere pakhonde, ndipo mvula ikakhazikika mukaubzale pansi.

Ngati mtima wanu ukufunadi mtengo wokhala nawo m'nyumba, tengani kachere. Ameneyu ndiye mwinimudzi. Pansi pake mafumu athu akhala akuweruza milandu kuyambira kale, ndipo aliyense amene anakwerako m'nkhalango ya Ntchisi anaona mmene abale ake amamerera pamphanda ya mtengo wina, m'kachidutswa ka dothi, mizu ikulendewera kufuna pansi. Mtengo wozolowera moyo wotero suopa mphika. Ngakhale a ku Japan, eni luso la bonsai, amasunga paini panja; mitengo ya banja la kachere ndi mkuyu ndiyo imapirira m'nyumba.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Dulani kanthambi, mukazike m'dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana, mumphika woboola pansi. Mphika wopanda bowo, ngakhale ukongole chotani, ndi manda. Kaikeni pafupi ndi zenera lowala, ndipo muzikatembenuza kuti kasapendekere mbali imodzi. Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi, likakhala louma ndiye thirani mpaka madzi atulukire pansi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsani. Fumbi la pamasamba pukutani ndi kansalu konyowa.

Pa kudulira ndiye pali mwambi tinkauza ana a sukulu: kuongola mtengo mpoyamba. Nthambi ikadali yanthete imamvera, ikakhwima imathyoka. Pakatha zaka 2 kapena 3, zulani kamtengoko, mudule mizu yozungulirazungulira, muike dothi latsopano. Koma kachere akakukulirani, musamubzale pafupi ndi khoma kapena chimbudzi, pakuti mizu yake imang'amba maziko. Mupititseni kumudzi, a mfumu akuonetseni malo pabwalo.