Madzi a M'chipululu cha Arizona

Mwezi uno tiyeni tiponye maso kutali, ku Arizona, dera la chipululu kumwera chakumadzulo kwa dziko la United States. Tikasanthula mbiri ya dera limeneli tipeza kuti yagona pa chinthu chimodzi: madzi.

Kale lomwe, azungu asanafike, anthu otchedwa Hohokam anakumba ngalande zitalizitali ndi manja, napatutsa madzi a mitsinje ya Salt ndi Gila kuti athirire chimanga, nyemba, maungu ndi thonje. Cha m'ma 1450 midzi yawo inasanduka mabwinja. M'chaka cha 1867 Jack Swilling ndi anzake anayamba kufukula ngalande zakalezo, ndipo pamenepo panamera mzinda wa Phoenix, umene lero ndiwo likulu la Arizona.

Komatu mtsinje uli ndi kumtunda ndi kumunsi. M'mbali mwa Gila munkakhala Apima, amene amadzitcha Akimel O'odham, ndiko kunena kuti anthu a kumtsinje. Iwowa anali alimi akhama, ndipo tirigu wawo ankadyetsa apaulendo ndi asilikali omwe. Cha m'ma 1870 alendo anachuluka kumtunda, m'midzi monga Florence ndi Safford, napatutsira madzi m'minda yawo. Kumunsi mtsinje unaphwa, mbewu zinafota, njala inalowa. Anthu amene kale ankagulitsa chakudya anayamba kudula nkhuni zamalonda kuti ana awo alawe kanthu.

Kwa ena zinthu zinkayenda. Damu la Roosevelt pa mtsinje wa Salt linatsegulidwa mu 1911, ndipo pa 14 Febuluwale 1912 Arizona analandiridwa kukhala chigawo cha 48 cha dzikolo. Damu la Coolidge, limene analitsegula pa Gila mu 1930, linayenera kuthandiza Apima, koma madzi amene anawafika sanakwanire. Iwo sanaleke kudandaula ku boma ndi ku makhoti, kufikira mu 2004 pamene lamulo linakhazikitsidwa lowapatsa gawo lawo la madzi chaka ndi chaka.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zoonadi, koma awa anachedwa zaka zoposa 130, ndipo agogo amene analandidwa mtsinje anatsikira kulichete osauonanso ukuyenda. Makolo, tiwafotokozere ana athu mbiri imeneyi. Achinyamata, tsiku lina mudzakhala ndinu okhala kumtunda, ogwira mfungulo za chitsime, za munda kapena za chuma. Musanatseke ngalande, mudzayambe mwafunsa kuti: kodi kumunsiku amwa chiyani?