Ndaphwanya ndekha galimoto: ndiwauze a inshuwalansi, nanga ndiwauze zotani?



Lachiwiri la sabata yatha ndinaweruka mochedwa ku madrassa. Ana a kalasi ya Qur'an anachedwa kumaliza kubwereza, ndipo pofika pakhomo dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Ndinafuna kuimika galimoto msanga kuti adhaan ya Maghrib indipeze nditakhala kale pamkeka ndi ana anga. Polowa pageti ndinakhota nthawi isanakwane, ndipo chitseko cha kumbuyo chinakhula chipilala cha njerwa. Chitsekocho chinalowa m'kati, penti n'kusupuka kuyambira pachogwirira mpaka pamwamba pa tayala. Panalibe wa kabaza kapena mwana wodutsa woti ndimuloze chala. Ndinali ndekha ndi chipilala chomwe chakhala pamalo pomwepo zaka zonsezi. Akuluakulu sananame kuti kuthamanga si kufika.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa panel beater wina. Galimoto yanga ndi Toyota Sienta yakale yochokera ku Japan, ndipo ili pa comprehensive chifukwa achimwene anga amene anandithandiza kuigula ndiwo analimbikira kuti zikhale choncho. Mkuluyo atangomva zimenezi anasekerera. "Ashehe, ndiye mukudandaula chiyani? Tilemba kotesheni imodzi, tiphatikizamo ndi bampala yakutsogoloyi. Inuyo mukanene kuti munaimika kumsika, pobwera mwapeza wina waigunda n'kuthawa. Aliyense amatero." Bampala ankanenayo inang'aluka kalekale, galimoto isanalowe n'komwe pa inshuwalansi imeneyi.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mafunso awiri, ndipo ndaona kuti ambiri a ife timawasakaniza. Loyamba ndi lakuti: kodi ndikapemphe kampani indilipirire, kapena ndikonze ndi ndalama zanga? Lachiwiri ndi lakuti: ndikapita, ndikafotokoze zotani? Maganizo anga ndi akuti funso loyamba ndi la masamu, ndipo yankho lake limasiyana malinga ndi munthu. Funso lachiwiri lili ndi yankho limodzi lokha kwa Msilamu aliyense, kaya ndi mu Ramadan kaya ndi mwezi wina.

Tiyambe ndi kumvetsa chomwe tinagula. Lamulo la pamsewu kuno ku Malawi limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Imeneyi imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanu eni ake siikhudzidwa. Ngati pagalasi panu pali third party yokha ndipo mwagunda chipilala chanu, palibe chokapempha, nkhani yathera pomwepo. Comprehensive ndiyo imaphatikiza kuonongeka kwa galimoto yanu, ngakhale wolakwitsa mutakhala inuyo. Apa mpomwe ambiri timasokonekera. Timaganiza kuti tikavomera kuti tinalakwitsa tokha, kampani itikanira. Komatu ngozi yongochitika mosafuna ndiyo chinthu chenicheni chimene munalipirira. Chakudza sichiyimba ng'oma. Chimene kampani imakana ndi kuononga mwadala, kuyendetsa opanda laisensi, kuyendetsa utaledzera, kapena kugwiritsa ntchito galimoto m'njira yomwe simunagwirizane, monga kunyamula matola pomwe munailembetsa kuti ndi ya pakhomo.

Tsopano masamu aja. Pali zinthu ziwiri zofunika kuziyang'ana m'pepala la mgwirizano wanu. Choyamba amachitcha excess, kutanthauza gawo la ndalama zokonzera limene mumalipira nokha kampani isanaonjezere zake. Chachiwiri amachitcha no claim discount, kutanthauza kuchotsera kumene amakupatsani pa ndalama yolipira pachaka chifukwa simunapempheko kanthu. Mukapempha, kuchotserako kumachepa kapena kutha kumene.

Tiyerekeze ndi ziwerengero zosavuta. Kukonza chitseko ndi K380,000. Excess yanu ndi K200,000. Ndiye kuti kampani ilipira K180,000 yokha. Ngati kutaya kuchotsera kuja kukukwezerani malipiro ndi K90,000 pachaka kwa zaka ziwiri, K180,000 ija mwaibweza yonse. Onjezanipo maulendo opita kuofesi, lipoti la apolisi ngati alifuna, kudikira munthu wawo adzaone galimoto, ndi masiku omwe ana akukwera minibasi galimoto ili kugalaja. Pa ngozi yaing'ono ngati imeneyi, nzeru n'kukonza nokha. Koma ngati kukonza kukufika K2,000,000, excess ya K200,000 ndi yochepa, ndipo kusapempha kungakhale kulanga banja lanu popanda chifukwa.

Musanasankhe, onetsetsani kuti mwadziwa kukula kwa vutolo. Bampala imatha kuoneka yongokalika pomwe kuseri kwake zitsulo zapindika, radiator yakhudzidwa kapena nyali yathyoka pomangira. Pemphani amakaniko awiri kapena atatu aione, asegule ndithu. Kumbukiraninso kuti zipangizo za galimoto timagula kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mtengo wa chitseko kapena nyali umene mukukumbukira ku Limbe kapena ku Biwi si wa lero. Kutsika kwa kwachaku kuli ndi vuto linanso. Ngati mtengo wa galimoto umene munalembetsa ndi wa zaka zitatu zapitazo, kampani ikhoza kukulipirani gawo chabe, ponena kuti munailembetsa pamtengo wotsika. Ndipo musachedwe kuganiza, chifukwa mgwirizano umatchula masiku oti mukhale mutawadziwitsa za ngozi. Ramadan ya zaka zino ikumagwa m'dzinja, ndiye chitsulo chopanda penti sichichedwa kuchita dzimbiri.

Wina afunsa kuti: Mwalimu, kodi inshuwalansi yeniyeniyo ndi halaal? Funsoli ndi lalikulu ndipo ma ulama analikambirana kwa zaka zambiri. Mu 1985, bungwe la International Islamic Fiqh Academy litakumana ku Jeddah linagamula kuti inshuwalansi ya malonda ili ndi gharar yaikulu, kutanthauza kusadziwika kwa chimene ukugula, ndipo linalimbikitsa njira yothandizana imene timaitcha takaful. Kampani yoyamba ya mtundu umenewu inakhazikitsidwa ku Sudan mu 1979, ndipo dziko la Malaysia linakhazikitsa lamulo la takaful mu 1984. Ma ulama ena, monga Sheikh Mustafa al-Zarqa wa ku Syria, anaona kuti inshuwalansi ndi yololedwa. Ambiri mwa amene amaletsa amalola third party chifukwa ndi lamulo la boma lomwe sitingalithawe, ndipo ena mwa iwo amati munthu asalandire zoposa zomwe analipira. Amene ali ndi chikaiko pa comprehensive afunse Sheikh wodziwa amene amamukhulupirira, makamaka asanasayine. Koma taonani chinthu chimodzi: mwa onsewa, oloreza ndi oletsa omwe, palibe ndi mmodzi yemwe amene analoleza kunama pa fomu.

Ndikunena izi chifukwa ndamvapo abale ena akuti, poti makampaniwa amayendera riba, kuwapusitsa si tchimo. Maganizo amenewa ndi oopsa. Ngati mukuona kuti mgwirizanowo ndi haraam, njira yake n'kusalowamo, kapena kutulukamo. Simungalowe ndi siginecha yanu, kenako n'kunena kuti poti mnzanuyo ndi wolakwa ndiye bodza lanu layera. Surat Al-Maida imayamba ndi kulamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano, ndipo sinapatule kuti pangano ndi kampani ndi losawerengedwa.

Ena amati kampani ndi yolemera, K150,000 ya bampala siingaimve. Tiyeni tifunse kumene ndalamazo zimachokera. Zimachokera m'thumba limodzi momwe tonse timaponyamo: mphunzitsi, namwino, dalaivala wa taxi, mayi wamasiye amene anasiyiridwa galimoto. Zopempha zabodza zikachuluka, kampani siichotsa malipiro a mabwana ake. Imakweza mtengo wa chaka chamawa kwa onse, ndipo imayamba kukaikira aliyense, ngakhale wonena zoona. Amene mwamubera ndi m'bale amene munaima naye phewa ndi phewa pa Taraweeh.

Enanso amati makampaniwo amazemba kulipira, ndiye nafenso tiyenera kuchenjera. Sindikana kuti alipo anthu amene anavutitsidwa atanena zoona. Koma mankhwala a chinyengo cha wina sangakhale chinyengo changa. Ngati pempho lanu loona lakanidwa popanda chifukwa, pemphani yankho lolembedwa, ndipo dandaulo likhoza kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi. Munthu wonama sangayende njira imeneyi ndi mtima wokhazikika, chifukwa akudziwa kuti akafufuza apeza kuti mng'alu wa bampala ndi wakale. Ogwira ntchito yoona magalimoto oonongeka amasiyanitsa bala latsopano ndi lakale poona dzimbiri ndi fumbi. Akakugwirani, pempho lonse limakanidwa, ndi gawo loona lomwe, ndipo nkhani ikhoza kufika kupolisi.

Mabodza a nkhani imeneyi ndi odziwika, ndipo ndi bwino tiwatchule. Pali kuphatikiza mabala akale pa ngozi yatsopano. Pali kugwirizana ndi wokonza kuti akweze kotesheni n'cholinga choti excess isatuluke m'thumba mwanu. Pali kupempha mnzanu wa inshuwalansi kuti avomere kuti anakugundani ndi iye, pomwe inu muli ndi third party yokha. Ndipo pali limene limakhudza mabanja athu kwambiri: mwana wopanda laisensi watenga makiyi, wagunda mpanda, bambo n'kukalemba kuti ankayendetsa ndi iwo. Inu ophunzira amene mukuwerenga, dziwani kuti mukatenga makiyi mobisa mumaika makolo anu pakati pa ngongole ndi bodza. Ndipo inu makolo, mwana amene wakuonani mukusayina bodza lomuteteza waphunzira phunziro limene ine kumadrassa sindingathe kulifafaniza ndi choko.

Tili m'mwezi umene tikusiya madzi, omwe ndi halaal, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, popanda wotilondera. M'buku la Imam Bukhari muli chenjezo la Mtumiki Muhammad, swalla Allahu alayhi wasallam, lokhudza wosala amene sasiya bodza, kuti njala yake ilibe phindu kwa Allah. Fomu ya inshuwalansi imathera ndi mzere wotsimikiza kuti zonse mwalembazo ndi zoona. Siginecha ya pamzere umenewo ndi umboni, ndipo dzanja losayinalo ndi la munthu wosala.

Ngakhale mutasankha kukonza nokha, choonadi chikadali ndi ntchito. Pokonzanso mgwirizano chaka chamawa, akakufunsani ngati galimoto inachitapo ngozi, yankhani moona. Pogulitsa galimotoyo, muuzeni wogula kuti chitseko ichi chinawongoledwa ndipo pansi pa penti pali filler. Imam Muslim anasimba za tsiku limene Mtumiki analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika n'kupeza kuti cha pansi n'chonyowa, ndipo anadzudzula wogulitsayo pobisa chilemacho. Penti yatsopano pa chitseko chopindika ndi mulu womwewo. Ndipo ngati chipilala kapena mpanda umene munagunda ndi wa eni nyumba kapena wa oyandikana nawo, ufulu wawo ndiwo uyambe kubwezedwa, galimoto yanu ibwere pambuyo.

Ine ndinakhala pansi nditachoka ku Taraweeh, ndinatulutsa pepala la mgwirizano limene ndinali ndisanaliwerengepo chiligulireni, ndipo ndinawerengera. Chotsala nditachotsa excess chinali chochepa kwambiri moti sichikanapindula kanthu. Ndinawaimbira a kampani kuwadziwitsa zomwe zinachitika, ndi kuti ndikonza ndekha. Ndalama yokonzera yatuluka pa zomwe tinasungira zovala za Eid, ndipo ndinayenera kuwafotokozera ana chifukwa chake chaka chino malaya akhala amodzi aliyense. Wamkulu anafunsa ngati panalibe njira ina. Ndinamuuza kuti inalipo, ndipo ndinamufotokozera yonse monga anandiuzira panel beater uja, ndi chifukwa chimene sitinaitsate. Chitseko ndinakakonzetsa kwa munthu wina. Bampala ikadali yong'aluka, yomangidwa ndi waya monga kale, ndipo idikira mpaka Allah atapereka.

Ngozi ikadakhala yaikulu ndikadapempha, ndipo ndikadalemba mosabisa kuti woyendetsa ndinali ine, ndinathamangira futari, ndinagunda chipilala changa chomwe. Palibe chamanyazi pa chiganizo chimenecho.

Allah atikhululukire pomwe tapunguka, adalitse rizq lathu likhale la halaal, atiteteze m'misewu, ndipo alandire kusala kwathu ndi swala zathu. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.